Gogomole timangomumva koma osamuona, thandizeni ndisanachitenso manyazi pamaso pa ana

MadamuWaKuKoche:

Moni nonse. Ine ndimaphunzitsa Sitandade 6 pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Mangochi mbali ya ku Nkopola, ndipo chaka chino anzanga anandisenzetsa kalabu ya zachilengedwe, mukudziwa kale mmene zimakhalira, amene wafika mochedwa pa miting'i ndi amene amasankhidwa kkkk. Nde Loweruka lapitali ndinatenga ana 14 kukayenda mmunsi mwa phiri cha m'ma 10 koloko mmawa kuti tikaone mbalame. Tili mkati moyenda tinangomva go go go go chapamwamba penapake, ana onse "madamu gogomole uyo!" kuthamangira komweko, kufika pansi pa mtengo zii. Tachoka pang'ono wayambanso. Zinachitika katatu, mpaka kamnyamata kena kanandifunsa kuti kodi madamu inuyo munamuonapo gogomole ndi maso anu? Ndinangoti tiyeni tizipita dzuwa lakula, koma zoona zake sindinamuonepo, ndimangomudziwa pa chithunzi.

Tikupitanso pakatha masabata awiri nde ndikufuna odziwa andiuze, mbalameyi amaiona bwanji, nthawi yanji, ndipo ikamagogoda choncho imakhala ikufuna chani kwenikweni?

Funso lina ndi la kunyumba. Pakhomo pathu pali mtengo wa mango waukulu womwe nthambi yake imodzi yayamba kuuma ndipo ili ndi tizibowo, apongozi anga aamuna akuti ndi gogomole akuupha mtengowo, akufuna awuze anyamata audule wonse asanaononge ndi inayo. Ine zikundiwawa chifukwa ndi pomwe timakhala masana kukatentha, Mangochi mukuidziwa. Zoona kuti gogomole amapha mtengo?

WakuChembe:

Madamu vuto loyamba ndi nthawi yanuyo, 10 koloko ku Mangochi kuno ngakhale mbuzi zimakhala zabisala kale pamthunzi. Ine ndimaperekeza alendo mmapiri a kuno ku Cape Maclear, mbali ya Otter Point ndi kumanda a amishoni kuja, amene akufuna mbalame timanyamuka kusanache bwinobwino, ikamakwana 8 timakhala tikubwerera. Vuto lachiwiri ndi ana 14 othamanga. Gogomole sathawa kutali ayi, akaona munthu amangozungulira kuseri kwa thunthu nkukhala phee, inu mukazungulira nayenso amazungulira, mutha kuvina naye choncho mpaka kutopa muli pansi pa mtengo omwewo. Nde agaweni anawo atatu atatu kapena anayi, mukamva kugogoda aliyense aime pomwe ali, ena akhale mbali iyi ena mbali inayo patali ndithu ndi mtengo, akazembera gulu lina agwera mmaso mwa gulu linalo. Dzuwa likhale kumsana kwanu apo bii mungoona chinthu chakuda.

Komanso aphunzitseni kusiyanitsa kugogoda kwake chifukwa kulipo kuwiri. Kwina ndi kwapang'onopang'ono, go... go go... go, kaye kaye, ngati munthu akukhoma msomali mosafuna, pamenepo ndiye kuti akusaka chakudya, akuboola khungwa kufuna mphutsi zamkati, ndipo ndi nthawi yabwino yomuyandikira poti mtima wake wonse uli pa ntchito. Kwinako ndi kwa liwiro, trrrrrr, ngati ng'oma, kumeneko sakudya kanthu, wasankha nthambi youma yomveka bwino akulengeza kuti dera lino lili ndi mwini wake komanso kuitana mnzake. Mbalame zina zimaimba, iyeyu nyimbo yake ndi imeneyo.

Ife timangoti gogomole gogomole koma alipo amitundu ingapo. Amene mungayambe kumuona ndi kakang'ono kamene mmabuku amati Cardinal, masentimita 15 basi, kochepa kuposa pumbwa, msana wa mizeremizere, pamimba timizere totsika. Kameneka sikasankha, mmunda, pakhomo, mu nsangu, mu mthethe, ndipo kamakonda tinthambi ting'onoting'ono takunsonga mpaka kulendewera chadodolido, nde anthu amalakwitsa poyang'ana pa thunthu pokha. Kakamuna kali ndi kapusi yofiira, kakakazi mutu ndi wakuda opanda kufiira konse, ana amasangalala nazo zimenezo mukawapatsa ntchito yoti anene uyu ndi bambo uyu ndi mayi. Wina ndi Golden-tailed, wamkulu ngati pumbwa, wobiriwira, yemweyu mumayamba mwamumva kulira kwake, weeeaa kamodzi mokuwa ngati mwana wapondedwa chala, amakonda mitengo yowirira ya mmbali mwa madzi. Nde pali chimkulu chawo Bearded, masentimita 25 kapena kuchepera pang'ono, nkhope ya mizere yakuda ndi yoyera, chimenechi chikaimba ng'oma pa mtengo wouma mumachimva muli kutali kwambiri ndipo ng'oma yake imayamba mwaliwiro nkumathera pang'onopang'ono. Ngati zomwe munamvazo zinali zaphokoso kwambiri mwina ndi ameneyu.

Akauluka musamusiye ndi maso, sauluka mowongoka, amakupiza kenako kutseka mapiko, kukwera kutsika ngati bwato pa mwera, ndipo akafika pa mtengo wina amamatirira pa thunthu choimirira nkuyamba kukwera. Miyezi ino ya Seputembala ndi Okutobala ndi yabwino heavy poti mitengo yambiri yayoyola masamba.

Che Mpalabwato:

Za mitundu zo ine sindilowelera, ndayankha za mango. Ndakhala ndikusema mabwato ndi kupala matabwa kuchokera ndili mnyamata kuno ku Malindi. Mwanangu, apongozi akowo uwauze mwaulemu kuti gogomole sanaphe nthambiyo, waipeza ikudwala kale. Ife tisanagwetse mtengo wa bwato timaumenya kaye ndi chitsulo cha nkhwangwa kumvera mmene ukulirira, wabwino umalira mwina wobooka mkati umalira mwina, iyeyu amachita chimodzimodzi ndi mlomo wake. Pa mtengo wamoyo wopanda kanthu mkati sataya nthawi, angapeze chani? Pita pansi pa nthambiyo ukayang'ane, ukaona utuchi wosalala ngati ufa ukugwa pa tizibowo tating'ono, kapena dothi la chiswe litakwera pa khungwa, ndiye kuti adani a mtengowo ndi amenewo ndipo mbalameyo ikukuthandizani kuwachotsa osalipidwa.

Ngati nthambiyo ili pamwamba pa denga kapena pomwe ana amasewera, idulidwe nthambi yokhayo, zimenezo sindikana poti youma imagwa ndi mphepo. Koma kugwetsa mango onse chifukwa cha mbalame ayi, mtengo umenewo unatenga zaka zingati kuti ufike pamenepo. Ndipo usakawauze kuti ndawerenga pa foni, akakwiya, ingowatengera pansi pa mtengopo aone okha utuchiwo.

Jah_Usipa:

kkkkk madamu mwana uja anakugwirani pakhosi. Ife tili ana timawalasa ndi legeni agogomole wa koma kanyama kake kochepa kolimbanso, bola njiwa. Funso langa ndi loti aise mbalame imeneyi mutu suiwawa? ine ndikangogunda pa chitseko cha minibasi tsiku lonse panado

Nachisale92:

@Jah_Usipa legeniyo muisiye kaye kkk. Funso lanulo ndi labwino ndipo madamu ana akakufunsani lomwelo, nde ndiyankhe motalikirapo, ndinaphunzira za nkhalango ndipo mbalamezi zinandilowa mmagazi.

Kwa nthawi yaitali anthu ankanena kuti mafupa a mmutu mwake ali ngati siponji yomwe imamwa mphamvu ya kugundako. Koma mu 2022 akatswiri ena anajambula agogomole ndi makamera othamanga kwambiri nkupeza kuti mutu wonse umaima nthawi imodzi ndi mlomo, palibe chofewetsa, mutuwo umagwira ntchito ngati hamala, zomwe ndi zomveka poti hamala ya siponji singakhome msomali. Chomwe chimamupulumutsa kwambiri ndi kuchepa kwa ubongo wake, kanthu kakang'ono kopepuka sikavulala msanga ngati chinthu chachikulu, tayani nyerere kuchokera pa denga muone ngati ithyoke mwendo. Nde inu a Usipa ndi mutu wanuwo musayesere.

Zina zoti ana akaone ndi maso akamupeza. Zala zake ziwiri zimaloza kutsogolo ziwiri kumbuyo, osati zitatu kutsogolo ngati nkhuku, nchifukwa chake amakakamira pa khungwa. Nthenga za kumchira ndi zolimba ngati ndodo, amatsamira pa mchirawo pogogoda, mukayang'anitsitsa muona mchira utakanikiza pa mtengo. Mphuno zake zaphimbidwa ndi tiubweya kuti utuchi usalowe. Koma chomwe chimandidabwitsa ine mpaka lero ndi lilime, ndi lalitali kuposa mlomo wake, lomata, ndipo mafupa olichirikiza amazungulira kuseri kwa chigaza kudzera pamwamba pa mutu, akaboola kabowo amalilowetsa mu njira ya mphutsi nkuikoka. Palinso ena amene amatera pansi kumanyambita nyerere ndi chiswe, Bennett's ndi m'bale wake Speckle-throated amene anthu amakamuona ku Liwonde, nde musadabwe mukapeza gogomole ali pa chulu.

Chenjezo limodzi, si mbalame iliyonse ya mutu wofiira yotuluka mu bowo la mtengo yomwe ili gogomole. Ilipo ina yofala kwambiri kuno, nkhope yonse ndi pakhosi zofiira, mlomo wonenepa wakuda, imakonda nkhuyu ndipo zimaimba ziwiri molandizana zikuweramirana, pa Chingerezi ndi Black-collared Barbet. Nayonso imaboola mtengo wofewa kupanga chisa koma imakhala pa nthambi ngati mbalame zina zonse, siyenda pa thunthu choimirira. Ana ambiri amene amati amuona gogomole amakhala aona imeneyi.

Za chisa, amaboola okha mu nthambi youma, mwamuna ndi mkazi kuthandizana, khomo lozungulira bwinobwino ngati aboola ndi makina kenako chibowo chotsika pansi. Sayikamo udzu, mazira oyera mbee amangogona pa tizipalipali ta mtengo, kakang'ono kaja kamaikira limodzi mpaka atatu. Amafungatira mosinthana pafupifupi masabata awiri ndipo usiku kawirikawiri ndi bambo amene amagona pa mazira, izi muwauze anyamata a mkalasi mwanu kkk. Ana amatha pafupifupi mwezi ali mkatimo. Akachoka bowolo silikhala lopanda ntchito, mumalowa mbalame zina zomwe sizitha kuboola zokha, abuluzi, mileme, nde mtengo umodzi wouma umakhala ngati nyumba za lendi.

Ndipo poti muli ku Mangochi, dziwani kuti pali mtundu wina wosowa, Stierling's, umene dziko lonse lapansi umapezeka ku Malawi, kumpoto kwa Mozambique ndi kumwera kwa Tanzania kokha, mu nkhalango za mombo ndi tsamba. Alendo amalipira ndege kuchokera kutali kudzamufuna ku Dzalanyama. Nkhalango za mtundu womwewo tili nazo kuno mmapiri okwera ku Namwera ndi ku Namizimu, zomwe zikutha ndi makala tikuona.

Che Mpalabwato:

Mwana wa nkhalangoyu wanena zoona za nyumba za lendi, koma wasiya mlendo mmodzi woipa. Kambalame kaja kolondolera anthu ku njuchi, kwathu pa Chiyao timati sego, sikamanga chisa, kamakaikira dzira mu bowo la eni ake. Ndinaonapo ndekha gogomole akudyetsa mwana woti sakufanana naye olo pang'ono.

Nachisale92:

Eee bambo mwakumbutsa. Mbalame za banja limenelo zilipo zingapo ndipo zina zimaikira mu zisa za agogomole ndi za barbet uja. Kamwana kake kamaswa kali ndi kangowe kakuthwa kunsonga kwa mlomo, kasanatsegule ndi maso omwe kamaluma ana a mwini chisa mpaka kufa nkutsala kokha kumadyetsedwa. Nkhani ya sego ndi Ayao inafika mpaka kwa asayansi, mu 2016 anasindikiza kafukufuku wa ku Niassa ku Mozambique wosonyeza kuti alenje a uchi akaitana ndi kaphokoso kawo kaja ka brrr-hm mbalameyo imawatsogolera kwambiri kuposa akapanga phokoso lina lililonse. Koma tisapite kutali madamu angasokonezeke.

Mai a Shakira:

Ndawerenga zonse koma pali pena pomwe sindikugwirizana nanu. Mukuti mitengo youma isiyidwe ikhale nyumba za mbalame, chabwino, nanga ife tiphikire chani? Ine ndimawamba nsomba, nkhuni ndi ndalama tsiku lililonse, mtolo wake ukukwera mtengo mwezi ndi mwezi. Alangizi akabwera amatiuza kuti musadule yaiwisi muzitola youma, tamvera, pano mukutinso youmayo ndi ya gogomole. Nde titole mchenga? Olemba izi ambiri mumaphikira magetsi kapena gasi. Ana a madamuwo akaweruka ndi omwewo amatumidwa ku nkhuni, mukawauza kuti nthambi youma ndi yopatulika akafika kunyumba akakangana ndi amayi awo.

WakuChembe:

Mayi simunalakwe, kwathunso timaphikira nkhuni zomwezo ndipo amayi anga atawerenga izi bwenzi atanena chimodzimodzi mwinanso moposa. Ine sindingauze munthu kuti asiye nkhuni. Chomwe ndimawauza anyamata a kwathu ndi chochepa, nkhuni zogwa kale pansi gogomole alibe nazo ntchito ya chisa, tolani. Youma yoimirira yang'anani kaye mmwamba, ngati pali bowo lozungulira looneka latsopano, mmphepete mwake moyera, pansi pali tizipalipali, gogodani thunthu muone ngati mutu sutuluka kapena ana kulira mkati. Ikakhala choncho ipatseni mwezi umodzi basi, mtengo wouma suthawa. Nthawi yake yoswa ndi ino ya chilimwe mvula isanagwe, miyezi inayo mabowo ambiri amangogonamo usiku. Vuto lalikulu kwa mbalamezi si mtolo wa pamutu ayi, ndi uvuni wa makala womwe umameza phiri lonse yaiwisi ndi youma yomwe.

Mai a Shakira:

Mwezi umodziwo ine ndidikira koma mnzanga wobwera pambuyo panga sadikira, aidula tsiku lomwelo. Komabe ndamva, zogogoda kaye zo ndiyesa, zilibe mtengo.

Jah_Usipa:

madamu dawunilodani Merlin pa foni, ndi yaulere, ili ndi zithunzi ndi kulira kwa mbalame, mungofunika bandulo tsiku lotsitsa lokha. osati ine ndasintha ayi legeni ndikadali nayo kkkk

WakuChembe:

Merlin yo ndi yabwino pomvetsera kunyumba musananyamuke kuti makutu azolowere. Koma kutchire musamaiseweretse mokweza kuti mbalame ibwere, makamaka pano zili ndi mazira, imasiya chisa nkumalimbana ndi mdani woti kulibe.

MadamuWaKuKoche:

Ndabweranso abale, pepani ndinasowa, mayeso a pakati pa teremu. Tinapita dzulo. Ndinawauza anawo kuti 5:30 pa geti, anabwera 9 okha enawo tulo, zinandithandizanso. Tisananyamuke ndinawamvetsera kulira kwa atatu aja pa foni, nde tinagawana magulu atatu monga ananenera achimwene a ku Chembe. Kwa mphindi mwina 40 kunalibe kanthu, apumbwa okhaokha ndi njiwa, ana anayamba kukankhana ine mtima uli mmwamba kuti kamnyamata kaja kandifunsanso. Kenako kamtsikana kena kachete kwambiri mkalasi, koti sikayankha olo uloze, kanangokweza dzanja nkuloza mu nsangu osalankhula. Go... go go. Tinayang'ana pa thunthu palibe, kenako ndinakumbuka zoti kumayang'ana kunsonga, ndipo kanali pompo kakulendewera pa kanthambi kochepa ngati chala, kapusi yofiira ikuwala ndi dzuwa. Kochepa zedi, ine ndimaganiza kuti ndi chimbalame chachikulu malinga ndi phokoso lija. Pasanathe nthawi kanabwera kena kopanda kufiira ana onse monong'ona "mayi ake, mayi ake", ndinawakonza kuti ndi mkazi wake koma mpaka pano akungoti mayi ake. Mchira wotsamira uja tinauona bwinobwino, lilime ayi, zimachitika mwachangu kwambiri. Chimkulu cha ng'oma chija tinachimva chapatali kumtunda koma dzuwa linali litayamba kale, tasiyira ulendo wina.

Za mango, ndinachita monga munanenera bambo a ku Malindi, sindinatchule foni. Ndinangoti bambo tabwerani mudzaone ufa uwu ukuchokera kuti. Anatola utuchiwo nkuufikisa mmanja, anatenga chikwanje nkusenda khungwa pang'ono, mkati njira zokhazokha ndi chimphutsi choyera chonenepa ngati chala changa. Anakhala chete kenako akuti "ndimadziwa kale ine kuti muli tizilombo". Sindinatsutse kkkk. Anyamata adula nthambi yokhayo Lachitatu poti inali pamwamba pa bafa, tinayang'ana kaye munalibe chisa. Chidutswa chimodzi chokhala ndi mabowo ndachitenga chili pa tebulo mkalasi, china Mai a Shakira mukanakhala pafupi bwenzi nditakupatsani.

A Nachisale, ana akufunsa ngati gogomole amamwa madzi, poti sitinamuone akutsikira kunyanja, ndiwayankhe chani?